Mizere Itatu pa Chimbale

Uthengawu unabwera ndi mwana wanga wachisamba, amene amagulitsa zitenje pa msika wa ku boma. Linali Lachitatu masana. Anayedzamiritsa njinga pa mtengo wa mango, nandipatsa mchere ndi sopo, ine n'kuyamba ndanunkhiza sopoyo, chifukwa masiku ano munthu atha kukukulungira chinangwa m'pepala la sopo iwe n'kuthokoza.

"Amama, aticha akupita ku Lusaka," anatero. "Mwana wawo adzawatenga Lolemba. Maso achita mdima, miyendo nayo ikukana. Akuti kuno sadzabweranso."

"Ayende bwino."

"Apempha kanthu kamodzi. Akuti muwabwereke chimbale cha atate, achimve kamodzi kokha asanapite."

"Chimbale chiti?"

"M'nyumba muno muli zimbale zingati, amama?"

"Chinatayika kalekale."

"Chili m'bokosi lachitsulo, pansi penipeni, pakati pa bulangete la atate ndi chitenje chobiriwira chija simuvala. Ndinachipeza atate atangomwalira, munandithamangitsa ndi mthiko mpaka kudimba."

Mwana ameneyu tsitsi layamba kuyera, koma pakamwa pake sipanaphunzirebe ulemu.

Kuno kwa Mlolo amandidziwa. Nkhuku ndimaziona m'mawa ndi madzulo, imodziimodzi. Mlendo akandifunsa njira, ndimayamba ndamufunsa kuti akukatani kumeneko. Adzukulu anga akabwera n'kuti, "Ambuya, tinakusowani," maso anga amathamangira pa chitini cha shuga. Choncho mwana wanga anaganiza kuti ndikukana chifukwa cha khalidwe langa la masiku onse. Sanadziwe kuti pa chimbale chija pali chilema, ndipo kwa zaka zoposa makumi anayi aticha akhala akusenza mlandu wa chilemacho, pamene wolakwa ndinali ine. Akanakwera basi Lolemba ine ndisanatsegule pakamwa, akanapita nawo mlanduwo mpaka kumanda, ine n'kutsala nalo bodza langa kuno, lopanda wolilandira.

Amuna anga anagwirako ntchito ku migodi, m'zaka zija anyamata ankavala mathalauza otambalala kumapazi ngati alembedwa ganyu yosesa msewu. Anzawo pobwerera kumudzi ankabwera ndi makina osokera, malata, ena mpaka pulawo. Anga anabwera ndi njinga, chifuwa, galamafoni ya mabatire, ndi chimbale chimodzi. Chimodzi basi.

"Ndi nyimbo zanji?" ndinawafunsa tsiku loyamba.

"Jazi. Koma jazi wake wosakaniza. Muli lipenga, muli magitala amagetsi, piyano yamagetsi, ng'oma. Mverani nokha, amayi."

Anaika singano. Ine ndinakhala pa mphasa n'kudikira woimba. Ndinadikira. Mbali yonse inatha, palibe anatsegula pakamwa.

"Woimba ali kuti?"

"Mulibe."

"Anadwala?"

"Nyimbo zake ndi zotero."

"Ndiye akuti chiyani?"

"Zimene mwamvazo."

Ine ndinakulira mu mpingo. Nyimbo imakhala ndi nambala, mawu ake ali m'buku, ukaimba umadziwa chimene walonjeza. Ngakhale ya pamtondo, yonyoza mkazi mnzako, umadziwa amene ikumunena. Koma amuna asanu athunthu kusonkhana, kutuluka thukuta nthawi yonseyo, osanena ndi liwu limodzi? Ndinati anthu awa pali chimene akubisa. Ndinayang'ana chithunzi chawo pa chikuto. Tsitsi ngati mitolo ya udzu, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wondiyang'ana m'maso. Amuna anga atapita kumadzi ndinasuzumira m'kati mwa chikutocho, mwina muli kalata ya mkazi wa ku migodi. Ndinanunkhiza. Munkamveka pepala ndi fodya.

Mabatire sankapezeka wamba, ndipo amuna anga ankawayanika padzuwa ngati makaka kuti akhalitse. Chimbale chinkalira kamodzi pa mlungu, Lamulungu masana tikaweruka kutchalitchi, pansi pa mango womwewu. Ine ndinkakhala chapatali ndi lichero la mtedza, nditafulatira, koma khutu lili chilili. Cholinga changa chinali chakuti ndiwagwire anthu aja. Ndinkati tsiku lina adzadziulula.

Umo ndi mmene chinandilowera. Nyimbo yoyamba imayamba ndi gitala wa mawu aakulu, yekha, akubwera pang'onopang'ono ngati ngolo yodzaza chimanga yochokera kwa Zingalume, ng'ombe zake zodziwa njira. Kenako piyano imagwa pamwamba pake ngati madontho oyamba a mvula pa malata, aja umalephera kudziwa ngati uthamangire kukaanula ufa kapena udikire. Wa ng'oma samenya ngati athu, iye amachita ngati akusesa, n'kumagunda apa ndi apo pamene sumayembekezera. Lipenga limabwera mochedwa, ngati munthu wodziwa kuti sangayambe kudya iye asanafike. Akakwana onse amayamba kukangana. Uyu walowera kwake, uyo kwake, wina wakwiya wakhala chete. Umati nyimbo yafa, ayitaya pathengo. Kenako mwadzidzidzi onse asanu akumana pamalo amodzi, nthawi imodzi, ngati anachita kupangana. Chimenecho ndicho chinkandisowetsa mtendere. Anapangana nthawi yanji, ine ndili pomwepo ndikumvetsera? Lamulungu lotsatira ndinkatchera khutu pamalo omwewo, n'kupezanso china chimene sindinachimve kale, koma popangana pawo osapapeza.

Aticha anabwera pa sukulu ya m'mudzi mwathu ali mnyamata wosakwatira, thalauza loyera ndi choko. Lamulungu lina akudutsa panjira anamva lipenga, naima, navula chipewa ngati akumana ndi maliro. Amuna anga anawakodola. Kuyambira pamenepo mpando wachiwiri pansi pa mango unali wawo. Ankakhala awiriwo atatsinzina, akugwedeza mitu ngati agulo pa mwala, osayankhulana mpaka mbali ithe. Ine ankanditcha alamu. Ndinawaona ngati munthu wabwino, ndipo chifukwa cha chimenecho ndinkawayang'anitsitsa kwambiri.

Patapita miyezi anakagula galamafoni yawo ku Chipata, napempha kubwereka chimbale kwa mlungu umodzi. Amuna anga anavomera osandifunsa.

Kuno kukagwa maliro kapena kukakhala ukwati, amayi timasonkha ziwiya: mbale, makapu, mapoto, ndowa. Mwambo ukatha zonse zimaunjikidwa pamodzi, ndipo mbale zamalata zimafanana ngati ana a nkhanga. Ndiye mayi aliyense amakhala ndi chizindikiro chake pansi pa chiwiya. Wina kadontho ka penti wofiira, wina amamanga kansalu pa chogwirira. Penti amasuluka, kansalu munthu amamasula. Changa ndi mizere itatu yokanda ndi msomali, wapakati wautali. Ndinachilandira kwa amayi anga, ndipo kapu yanga inabwerapo kuchokera ku maliro a tsidya la malire chifukwa cha mizere imeneyo. M'nyumba mwanga simutuluka chinthu chopanda chizindikiro.

M'mawa wa tsiku lobwereka, amuna anga ali kudimba, ndinatenga msomali wanga. Ndinaganiza zolemba pa chikuto, koma chikuto munthu atha kusintha. Ndinatulutsa chimbale chenichenicho. Chinalibe pansi kapena pamwamba, ndiye ndinasankha mbali imene inayang'ana pansi pochitulutsa. Ndinaona kuti mizere ilimo kale yosawerengeka, yozungulirazungulira. Itatu yodutsa ingalakwe chiyani? Sindinakanikize kwambiri. Ndinauzirapo, n'kupukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kubwezera m'chikuto, mtima uli m'malo ngati mayi wosamala katundu wa pabanja.

Mlungu utatha aticha anachibweza Loweruka, nanena kuti mawa lake sabwera, ali ndi makope oti achonge. Lamulungu masana mbali yoyamba inalira bwinobwino. Amuna anga anatembenuza. Mbali yachiwiri ili ndi malo amene onse amakhala chete, n'kulisiya lipenga lokha likuyenda ngati munthu wobwerera kumudzi amene sakudziwa ngati akamulandira. Amuna anga ankati anagula chimbale chonse chifukwa cha malo amenewo. Lipenga litangoyamba, kunamveka te-te-te. Chimbale chinazungulira, te-te-te. Chinazunguliranso, te-te-te. Mpaka lipenga linamaliza ulendo wake likuperekezedwa ndi msomali wanga.

Amuna anga anakweza singano. Ananyamula chimbale n'kuchipendeketsa padzuwa, nachiyang'ana nthawi yaitali. Ine maso anali m'lichero. Sanandifunse kanthu. Anavala chipewa n'kulunjika kusukulu, ndipo posakhalitsa anabwera ndi aticha kumbuyo kwawo ngati mwana wogwidwa m'munda wa nzimbe.

Sindinawamvepo amuna anga akukalipa ngati tsiku limenelo. Amalume anga anasuzumira pa mpanda, nkhuku zinathawira kunkhokwe.

"Munthu wophunzira," ankatero. "Munthu amene timamupatsa ana athu. Munkachita nacho chiyani, munkadulirapo tomato?"

Aticha anaima atawerama, manja kumbuyo. "Pepani achimwene. Ndalakwa."

Ndinamva chisoni kufika m'mafupa. Ndinaganiza kuti munthu wosalakwayu akukhulupirira kuti wawononga yekha ndi singano yake yatsopano. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zoona, koma chimene chinachitika n'chakuti munalowa mtedza. Ndinatafuna. Ndinati ndinena mawa. Mawa lake ndinati ndinena tikakolola.

Mpando wachiwiri unakhala wopanda munthu. Chaka chisanathe aticha anawasamutsira ku sukulu ya ku boma, ndipo ine ndinadziwa kuti ndapha ubwenzi wa anthu awiri ndi msomali umodzi. Tikakolola ndinkadzaza ndowa ya mtedza wosankha, n'kupatsira amayi opita kumsika kuti akawasiyire. Pa Khirisimasi ndinkatumiza tambala. Ndinkati n'zothokoza poti anaphunzitsa ana anga. Ndowa inkabwerera yotsukidwa, ndi mawu akuti zikomo alamu. Chaka ndi chaka, osalumphitsa, ngakhale chaka cha njala ndinatumiza kambale.

Amuna anga sanasiye kuliza chimbale. Poyamba pofika pamalo paja ankatseka maso ngati akuwazula dzino. Pambuyo pake ndinawaona chala chikugunda pa bondo, katatu, pamodzi ndi msomali. Anayambanso chizolowezi china. Loweruka lina lililonse ankakulunga chimbale m'thaulo, n'kuchiika m'malaya, n'kukwera njinga wa ku boma.

"Mukupita nacho kuti?"

"Kuli mkulu wina wokonza mawailesi. Akuti akhoza kuchisalaza."

"Ulendo watha uja sanasalaze?"

"Ntchito yake ndi ya pang'onopang'ono, amayi. Mizere yake ndi yozama. Amene anakanda anali ndi dzanja."

Wina aliyense ndikanamupanikiza ndi mafunso mpaka atalira, koma pa nkhani ya chimbale ndinalibe pakamwa. Komabe munthu sasalaza chinthu zaka zisanu. Ndinati pali mkazi. Loweruka lina ndinawalondola wapansi, mtolo wa masamba pamutu ngati wopita kukagulitsa. Ndinapeza njinga yawo itayedzamira pa khonde la wokonza mawailesi, yokhoma bwinobwino. Ndinaima kuseri kwa chigayo mpaka masamba anafota. Palibe mkazi anaoneka. Ndinabwerera ndi matuza kumapazi ndi manyazi atsopano pamwamba pa akale.

Chifuwa cha ku migodi chija chinawatenga amuna anga adzukulu oyamba atayamba kuyenda. Aticha anabwera pamaliro, nakhala kumbuyo kwenikweni, ine ndinalephera kuwayang'ana. Abale a malemu atabwera kudzagawa katundu, njinga inapita kwa mng'ono wawo, galamafoni kwa mphwawo, amene anaipha isanathe miyezi itatu. Anafunsa za chimbale. Anafufuza m'bokosi, kudenga, ngakhale m'nkhokwe. Chinali pansi pa mphasa imene ndinakhalapo ine namfedwa, ndipo palibe munthu amauza mkazi wamasiye kuti tasunthani tione.

Kuyambira pamenepo sichinalirenso, poti panalibe pochilizira. Koma m'mutu mwanga sichinasiye. Ndikamasenda mtedza manja amatsata gitala uja. Ulaliki ukatalika, phazi langa limayamba lokha pansi pa benchi, ndipo amayi oyandikana nane amaganiza kuti Mzimu wandikhudza. Nyimbo zambiri zabwera n'kupita pa wailesi, zina adzukulu anavina mpaka fumbi, lero ukawafunsa sazikumbuka. Iyi yopanda mawu yakhala nane ngati mlendo amene anabwera kudzapempha moto n'kumanga nyumba.

Mwana wanga atabwera ndi uthenga uja, ndinayesa njira yothawira.

"Paja unati nyimbo zonse za pa dziko zili mu foni. Kawalizire mu foni."

"Ndinawapezera, amama. Anamvetsera pang'ono n'kuti ndizimitse. Akuti si chimenechi, akufuna cha atate."

"Galamafoni aipeza kuti? Yawo ija inafa."

"Mwana wawo anawagulira yatsopano. Akuti ku Lusaka achinyamata ayambanso kugula zimbale, akuzifuna ngati mankhwala. Chanu chija wina atachiona akhoza kugwada."

"Ndiye ukufuna ndichitulutse kuti akuba achione."

"Ndipatseni ndikawapatse, ndibwera nacho madzulo."

"Iwe? Unataya ambulera yanga pa ukwati."

"Zaka makumi awiri zapitazo, amama."

"Yabwera?"

Loweruka m'mawa ndinavala chitenje chobiriwira chija, ndinakulunga chimbale m'thaulo lake lakale, n'kuchimangirira pachifuwa. Tinadikira minibasi pamsewu mpaka dzuwa linafika pamutu. Kondakitala anafuna kundithandiza. "Ambuya, bweretsani kathumbako tiike kumbuyo." Ndinamuyang'ana mpaka anakathandiza munthu wina.

Mwana wanga ananditsogolera kudutsa msika, kudutsa chigayo, n'kulowa kanjira ka pambali pa sitolo ina yogulitsa mafoni. Ndinaima. Sitolo imeneyo ndinaidziwa khonde lake. Kale munali wokonza mawailesi. Nyumba ya aticha inali kuseri kwake, mpanda umodzi. Zaka zonsezi mtedza ndinkatumiza ndi anthu, phazi langa linali lisanapondepo. Ndinati ndione kaye.

Tinawapeza pakhonde, atavala jekete, masutikesi awiri ali pakhomo. Anakalamba mpaka kuchepa. Anatembenuzira khutu kumene tinkachokera.

"Mayendedwe awo ndi a alamu," anatero. "Amaponda ngati pansi pali msampha."

"Muli bwanji, aticha?"

"Ndili bwino pang'ono, kaya inu alamu. Mwabwera nacho, kapena mwabwera kudzaona ngati ndikudwaladi?"

"Zonse ziwiri."

Galamafoni yatsopano inali pa tebulo, kabokosi kofiira kooneka ngati sikangapirire chaka. Sindinalole mwana wanga kugwira chimbale. Ndinachiika ndekha, ndipo aticha anapapasa singano n'kuitsitsa mosaphonya, maso alibe ntchito. Kunamveka kaphokoso kaja ngati mvula ili kutali. Kenako ngolo ya kwa Zingalume inayamba kubwera.

Sindinenapo zambiri za mbali yoyamba. Ndinali nditaiwala kuti wa piyano amaseka pakati pa nyimbo yachiwiri, osati ndi pakamwa, koma ndi zala. Aticha anatsinzina n'kuyamba kugwedeza mutu, ndipo mpando wa pambali pawo unali wopanda munthu. Mwana wanga, amene ankati nyimbo za atate n'zogonetsa, anakhala pa sitepe foni ili chafufumimba pa mwendo. Anthu asanu aja anakangana, anabalalika, nakumananso, ndipo ine, nkhalamba ya adzukulu khumi ndi mmodzi, sindinawagwirebe.

Mbali itatha aticha anatambasula dzanja kuti atembenuze. Ndinawagwira pamkono.

"Dikirani. Pali mawu."

"Mu nyimbo izi mulibe mawu, alamu."

"Anga. Mizere ija simunakande ndinu. Ndinakanda ndine, ndi msomali, m'mawa wa tsiku limene munadzabwereka. Munakalipidwa pamaso pa amalume anga chifukwa cha ine, ndipo ndinakhala chete. Ubwenzi wanu ndi malemu ndinaupha ndine. Ndanena. Mukhululuke kapena musakhululuke, koma mlanduwu musapite nawo ku Lusaka."

Mwana wanga anatsegula pakamwa. Mapewa a aticha anayamba kugwedezeka. Ndinaganiza kuti akulira. Ankaseka, mwakachetechete, mpaka anatsokomola.

"Alamu, ine ndadya m'mbale zanu pa maliro angati? Mizere itatu, wapakati wautali. Ndowa ya mtedza imabwera muno chaka ndi chaka, pansi pake pali chiyani? Mizere yomweyo ndinaiona pa chimbale tsiku lomwe ndinafika nacho kunyumba. N'chifukwa chake Lamulungu lija ndinabisala m'makope."

"Ndiye munavomereranji?"

"Achimwene anandipempha. Atafika kusukulu anati, aticha, mkazi wanga waika chizindikiro pa chimbale ngati poto. Ine pano ndine mkamwini. Ndikamukalipira pamudzi pawo, amalume ake andilongedzetsa lero lomwe. Ndikamufunsa mwaulemu akana, ndipo akakana adzakana mpaka kufa. Koma ndikapanda kukalipira munthu, ndiphulika. Ndibwerekeni nkhope yanu kwa kanthawi."

"Anatero?"

"Za tomato zija ndinawapatsa ndine tili m'njira. Iwo ankafuna kunena za nkhwangwa."

Mwana wanga anagwa chammbali pa sitepe, atadzitseka pakamwa ndi chitenje. Ndinamuuza kuti akhale bwino, pali akulu.

"Nanga bwanji munasiya kubwera kunyumba?"

"Ndinabwerako kawiri. Ulendo woyamba munagwetsa mtsuko, wachiwiri munandithirira mchere mu tiyi. Tinaona kuti muvulala. Atandisamutsira kuno, achimwene anati bola tizimvera konkuno. Njinga ankasiya kutsogolo kwa wokonza mawailesi, eni ake n'kuzungulira. Tsiku lina tinakuonani pa mpata wa mpanda, muli kuseri kwa chigayo ndi masamba pamutu. Tinachepetsa mawu a galamafoni mpaka munapita."

"Ndiye zaka zonsezi osandiuza."

"Tinafuna kukuuzani chaka choyamba chomwe. Kenako kunabwera mtedza. Pa Khirisimasi kunabwera tambala. Achimwene anati, aticha, nkhani iyi tisaithamangire."

"Atambala anga ankadyako?"

"Ntchafu zonse ziwiri zinali zawo. Ankati kunyumba nkhuku simupha wamba, mumati n'za alendo, ndiye anapeza njira yokhalira mlendo."

Ndinakhala pansi bwinobwino. Ine amene sindinagulepo dzira osaligwedeza pakhutu, amuna awiri anandiyendetsa zaka zonsezo ngati mbuzi ya pachingwe, wina mpaka kufa osaulula. Ndinafuna kukwiya. Ndinaufunafuna mkwiyo m'chifuwa monse, koma chimene ndinapezamo chinali chithunzi cha amuna anga atakhala pakhonde limenelo, mafuta a tambala wanga ali pachibwano, akumvera lipenga lawo ndi mnzawo. Mpando umene ndinkaulirira kuti ndinaupha unangosamukira ku boma.

"Atamwalira bwanji simunanene?" ndinafunsa.

"Ndinkadikira inu. Ndinati mayi awa tsiku lina adzabwera okha ndi mapazi awo. Komanso mtedza wanu ndi wabwino, alamu."

"Ndinu akuba nonse awiri."

"Tembenuzani chimbale."

Ndinatembenuza. Anthu anayi anakhala chete, lipenga linatsala lokha, ndipo msomali wanga unalowa pa nthawi yake. Te-te-te. Chala cha aticha chinagunda pa bondo katatu. Ndinayang'ana pansi n'kupeza changa chikuchita zomwezo.

"Za mu foni zija zilibe izi," anatero aticha. "Lipenga limayenda lokhalokha, mpaka limamvetsa chisoni. Apa lili ndi womuperekeza."

Chitatha, ndinachipukuta n'kuchibwezera m'chikuto, n'kuchikulunga m'thaulo. Ndinakhala nacho pamwendo kwa kanthawi. Kwathu kulibe pochilizira. M'bokosi chinakhala zaka zonsezo ngati munthu wotsekeredwa popanda mlandu. Ndinaimirira n'kuchiika pamwamba pa sutikesi yaikulu.

"Amama?" anatero mwana wanga.

"Sindikupereka. Ndikubwereka. Aticha, mwamva? Chili ndi chizindikiro changa, ndipo chinthu cha chizindikiro changa chimabwera. Mukadzatha nacho, mwana wanu adzachibweze ndi manja ake, osati kupatsira a basi."

"Ndamva, alamu."

"Ndipo ndowa yanga ya chaka chino sinabwere."

Inali kuseri kwa chitseko, yotsukidwa kale. Ndinaitembenuza kuona pansi pake ndisanainyamule.

Aticha anapita Lolemba lija. Ku Lusaka kuli anthu ochenjera, ndipo ndinamva ndi makutu anga kuti zimbale akuzifuna ngati mankhwala. Munthu wosaona atha kumusinthira china iye osadziwa. Ndiye ndinakhazikitsa lamulo. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, mwana wanga amabwera ndi foni, timakhala pansi pa mango, ndipo iye amaimbira mwana wa aticha. Kumeneko amaika foni pafupi ndi galamafoni. Ine ndimakhala ndi lichero langa, kudikira mizere itatu, kuti nditsimikize kuti chikadali chomwecho.

Mwana wanga akuti ngati cholinga n'chimenecho, angoyambira mbali yachiwiri, pamalo pa lipenga pomwepo, tisathe nthawi. Ndinamuuza kuti wakuba wochenjera atha kusintha mbali yoyamba yokha. Timayambira pa ngolo.